Chimatalikitsa sitalaka ya ogwira ntchito m'boma n'chiyani? Malawi, Zimbabwe ndi South Africa

Sitalaka imatha msanga pamene ululu wake wafika kwa amene akugwira thumba la boma. Mu February 2013 ogwira ntchito m'boma ku Malawi ananyanyala ntchito pofuna kuti malipiro akwere ndi 67 peresenti. Ndege zitasiya kutera pa bwalo la Kamuzu, boma la Joyce Banda linagonja, ndipo olandira zochepa anawonjezeredwa 61 peresenti. Zonse zinatenga pafupifupi masabata awiri. Koma ya ogwira ntchito m'makhothi mu 2012 inapitirira miyezi iwiri. Amene ankavutika anali oganiziridwa milandu odzaza m'zitolokosi za polisi, anthu opanda mawu, choncho akuluakulu sanaone chowafulumizitsa. Zimenezi n'zopweteka mtima.

Ku South Africa kuli bwalo lokhazikika la zokambirana, PSCBC, kumene boma ndi mabungwe a ogwira ntchito amapatsana manambala. Lamulo lawo ndi lakuti wosagwira ntchito salandira malipiro, ndiye tsiku lodulidwa ndalama likayandikira mabanja amayamba kukakamiza atsogoleri. Sitalaka ya 2007 inatha masiku 28, ya 2010 pafupifupi masabata atatu, zonse ziwiri zinathera pa kukweza malipiro ndi 7.5 peresenti.

Kudula malipiro kumaluma pokhapokha ngati malipirowo akugula kanthu. Ku Zimbabwe madokotala anasiya ntchito mu September 2019 ndalama yawo itatheratu mphamvu, ena akunena kuti ngakhale yokwerera basi kupita kuchipatala sinkakwana. Boma linachotsa ntchito madokotala oposa 400, koma sanabwerere. Munthu amene sakutaya kanthu simungamuopseze. Anabwerera mu January 2020 bungwe la wabizinesi wa ku Zimbabwe Strive Masiyiwa, Higherlife Foundation, litalonjeza kuwapatsa ndalama mwezi uliwonse kwa miyezi 6.

Malawi ndi Zimbabwe tsopano atembenukira ku malamulo. Kuno, kusintha kwa lamulo la za ntchito kwa mu 2021 kumalola wolemba ntchito kudula malipiro wantchito akanyanyala kupitirira masiku atatu pa chaka. Ku Zimbabwe lamulo la 2023 limaletsa azaumoyo kunyanyala kupitirira maola 72, ndipo wophwanya akhoza kumangidwa miyezi 6. Njira ya Malawi ndi yofatsako, koma zonse ziwiri zimangofupikitsa masiku osakhudza dandaulo lenileni. Namwino woletsedwa kunyanyala amagwira ntchito mokoka miyendo, kapena amafuna pasipoti n'kupita ku UK, monga achitira ambiri a ku Zimbabwe.