Ku Zambia odwala anakasuma okha, ife tikungosainirana mafomu

Achimwene anga tinawamanga ndi chingwe choyanikira zovala. Miyendo ndinagwira ndine, manja amalume, amayi ali pakhonde akulira atafunda chitenje kumutu. Anali atatha masiku anayi osagona, ndipo m'mawa umenewo anatenga chikwanje, ati kudenga kwabisala anthu. Nthawi imeneyo tinkakhala boma lina, tisanasamukire kuno ku Mzuzu. Tinawakweza galimoto ya aneba mpaka kuchipatala, anawabaya jakisoni, nkugona. Ine anandipatsa fomu: "Gadiyani ndinu? Sainani apa." Ndinasaina osawerenga.

Patapita miyezi, tikudya nsima kuno ku Chibavi, anayambitsa okha nkhaniyo. "Iwe, zondimanga zija sindinakusungire mangawa. Koma mutu utabwerera m'malo, ndani anandifunsapo kanthu? Adokotala ankafunsa iwe, ine ndili pomwepo." Mankhwala ankawaumitsa khosi, malovu ali chuchuchu, koma akadandaula ankangouzidwa kuti ndi matendawo akulankhula.

Mawu amenewo ndi amene anandichititsa kusuzumira kwa anansi athu, kuti kodi munthu wodwala maganizo akagonekedwa mokakamiza, pakamwa pake amamubwezera liti.

Ife ndi a ku Zambia tinasiyiridwa katundu wofanana ndi atsamunda. Lathu linali lamulo la Mental Treatment Act la 1948, lawo Mental Disorders Act la 1949. Onse awiri ankaona wodwala ngati katundu woti achibale, apolisi ndi majisitireti agwirizane kokamusunga. Kusiyana kwake nkwakuti ku Zambia eni ake anadzuka. Mu 2017 anthu atatu amene anadwalapo maganizo, pakati pawo Gordon Mwewa ndi Sylvester Katontoka, anakasumira boma kukhothi lalikulu ku Lusaka. Taganizani: anthu omwe kuno tikanawatchula "amisala" nkuwaseka pamsika, ataima pamaso pa jaji kutsutsa lamulo la dziko. Khothi silinafafanize lamulo lonse monga ankafunira, koma linagamula kuti gawo limene linkatchula odwala ndi mawu onyoza, onga akuti chitsiru ndi chidzete, likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Mu 2019 Zambia inakhazikitsa lamulo latsopano la Mental Health Act.

Sikuti atatero anakhala pansi nkuwomba m'manja. Mabungwe a anthu aulumali analikana gawo lachinayi la lamulo latsopanolo, chifukwa limalolabe kuti munthu alandidwe mphamvu yodzisankhira zinthu akaweruzidwa kuti mutu wake sukugwira. Kwa ine apa ndi pamene a ku Zambia anatiposa. Chainama, chipatala chawo chachikulu cha matenda amenewa, si paradaiso. Koma mkangano wawo uli pagulu, ndipo olankhula ndi odwala eni. Akuluakulu anati wamisala anaona nkhondo. Kumeneko anamumvera, ngakhale monyinyirika.

Tanzania, yomwe ambiri a ife timaidziwira pa Songwe ndi Kyela pokaoda katundu, inasintha lamulo lake kale, mu 2008. Ali ndi chipatala cha Mirembe ku Dodoma, ndi Isanga ya odwala amene ali ndi milandu. Chimene chimandikopa kwa iwo ndi ganizo lakale la midzi yochiriramo, monga Vikuruti kufupi ndi Dar es Salaam, kumene munthu amalima ndi kuweta m'malo mongokhala m'wodi kudikira belu la mankhwala. Ife tinafika 2020 tikugwiritsabe ntchito lamulo la 1948, chikhalirecho pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali tinalivomereza mu 2009, chaka chimodzimodzi ndi Tanzania, Zambia nkutsatira mu 2010.

Panganolo ndi lolimba. Gawo 12 likuti munthu waulumali ali ndi mphamvu yodzisankhira ngati wina aliyense, gawo 14 likuti ulumali si chifukwa chomutsekera munthu. Komiti yoyang'anira panganoli inafika ponena mu 2014 kuti kusankhira munthu kutheretu, m'malo mwake azithandizidwa kusankha yekha. Apa ndiye ndimakanda mutu. Ine chikwanje chija ndinachiona ndi maso anga, ndipo sindinganame kuti m'mawa umenewo kukambirana kukanatheka. Amene amalemba zimenezi ku Geneva sanakhalepo ndi mayi wokalamba m'nyumba ya zipinda ziwiri, ambulansi kulibe. Koma m'mawa umodzi si masabata asanu ndi limodzi amene achimwene anawasunga m'chipatala. Chimene ndinasainira ine chinali cha tsiku limodzi loopsa, nkusanduka chilolezo chopanda malire.

Pamenepa a ku Joni, ngakhale sitigawana nawo malire, ali ndi kanthu. Lamulo lawo la 2002 limati wogonekedwa mokakamiza aunikidwe kwa maola 72, ndipo ngati apitirize kumusunga, nkhaniyo ipite ku bodi yapadera momwe mumakhala wachipatala, wodziwa malamulo ndi munthu wamba wa m'dera. Wodwala angathe kuchita apilo. Komabe ndi dziko lomwelo kumene odwala 144 anafa boma la chigawo cha Gauteng litawachotsa m'zipatala za kampani ya Life Esidimeni mu 2016 nkuwamwaza m'malo osayenera pofuna kupulumutsa ndalama. Pepala linalipo, anthu anafa ndi njala.

Kuno kumpoto vuto lina ndi mtunda. Chipatala chachikulu cha boma cha matenda amenewa chili ku Zomba, makilomita pafupifupi 600 kuchokera pa Mzuzu, ndipo mbiri yake inayambira kundende ya Zomba, nchifukwa chake mpaka lero mawu akuti "akutengera ku Zomba" amamveka ngati chilango. Mwayi wathu ndi a St John of God, amene amathandiza odwala maganizo kuno ku Mzuzu ndipo ali pakati pathu kuyambira zaka za m'ma 1990. Koma wa ku Chitipa kapena ku Usisya, m'bale wake akazungulira mutu, choyamba kufika ndi chingwe, kenako sing'anga kapena kumapemphero, ena mpaka unyolo pamtengo. Kukakamiza kwambiri m'dziko muno sikuchitikira m'wodi ayi. Kumachitikira kuseri kwa nyumba zathu, kumene lamulo la dziko lililonse silifikako.

Achimwene tsopano amasoka nsapato pafupi ndi depoti. Mwezi watha anandiitana, natulutsa kabuku kawo ka kuchipatala. Kumapeto kwake analembamo ndi bolopeni mankhwala amene amawayanja, amene amawaumitsa khosi, ndi dzina la munthu woti aitanidwe zikadzavutanso. Pamzere womaliza analemba kuti: "Mukandimanga, pakatha masiku atatu mundifunse." Anandipatsa bolopeni ija kuti ndisaine m'munsi mwa dzina lawo. Ulendo uno ndinayamba ndawerenga.