Mwana wanga anandifunsa kuti talakwa chiyani

Ndafika kwa mayi anga ku Chinamwali ku Zomba Lachitatu, koma mtima ukadawawa. Pabwalo la ndege limene tinanyamukira ku America anatipatula pamzere ine ndi mwana wanga wamkazi wa zaka 9, nakhuthula zikwama zathu kawiri, napapasa hijabu yake anthu onse akuona. Mwanayo anandigwira dzanja n'kundinong'oneza kuti, "Ababa, talakwa chiyani?" Ndinasowa chomuyankha.

Ndiye dzulo tili pakhonde alamu anga akuti a Donald Trump sanalakwe pamene ananena mu Disembala 2015 kuti Asilamu onse aletsedwe kulowa m'dzikolo, chifukwa mwini nyumba ali ndi ufulu wotseka chitseko chake. Alamu, ndimakulemekezani, koma mawu amenewo inu munawamva pawailesi, pamene ife takhala tikuwasenza pamutu. N'zoona kuti masiku ochepa asanawayankhule, anthu 14 anaphedwa ku San Bernardino ku America komweko, ndipo imfa zimenezo zinatipweteka tonse, koma amene anawombera anali anthu awiri, ndipo mwana wanga sanali atabadwa n'komwe.

Inu mumangoona ndalama zikafika pafoni. Simuona kuti ku Indiana ndimachezera usiku wonse kunyamula ndi kusambitsa nkhalamba zimene ana awo sabwera kudzaziona, ndipo ina mwa izo inanditchula chigawenga ndili pakati poisinthira zofunda. Swala ndimaswalira m'galimoto chipale chikugwa kunja. Kuti ndipite ku Juma, pemphero la Lachisanu, ndimachita kupempha mnzanga tisinthane nthawi ya ntchito, ngati ndikupempha ngongole. Bomba likaphulika kulikonse padziko lapansi, m'mawa mwake anzanga amandiyang'ana ngati ndili ndi mlandu woti ndiyankhe, koma munthu atapha anthu 51 m'mizikiti ya ku Christchurch ku New Zealand mu 2019, palibe amene anati mtundu wake wonse utsekeredwe kunja. Ndipo ku Cabo Delgado, kwa anansi athu a ku Mozambique, zigawenga zakhala zikupha anthu kuyambira 2017, ambiri mwa iwo Asilamu anzanga. Zonsezi ndazipirira zaka zambiri, koma manja aja pamutu pa mwana wanga sindikutha kuwaiwala.

Munanenanso kuti nkhaniyi sikhudza Amalawi. Mu Januwale 2017, a Trump atakhala pulezidenti, chiletso cholowa mu America chinayambira pa mayiko 7, monga Somalia, Sudan ndi Yemen, ndipo ambiri kuno anati n'za Aluya. Mu Ogasiti 2025 Malawi ndi Zambia ndiwo anali oyamba kuuzidwa kuti wofuna viza yokacheza akhoza kulamulidwa kupereka chikole chofika madola 15,000. Chikole chimenecho sichifunsa ngati mumapemphera Lachisanu kapena Lamulungu, alamu, ndipo n'chifukwa chake mayi athu sanathe kubwera kudzaona kumene mdzukulu wawo akukulira.

Dziko lino linalamulidwa ndi Msilamu, a Bakili Muluzi, kuyambira 1994 mpaka 2004, ndipo inu nomwe ndinu a CCAP koma munakwatira mlongo wanga popanda womanga mpanda pakati pathu. M'mawa uno mwana uja anapita ndi agogo ake kumsika wa Zomba atavala hijabu yomweyo, ndipo anabwerako ndi mapichesi akuseka, palibe amene anamucheukira kawiri. Funso lake lija sindinaliyankhebe. Ndapempha amalume kuti mawa andiperekeze ku Songani ndikaone malo amene akugulitsidwa, chifukwa ndikufuna kuti sekondale adzaphunzirire kuno.