Tsiku la chivomerezi palibe amalidziwa, lekani kutiopseza

Ndakwiya ndithu. Usiku wathawu azakhali anga agona panja ndi adzukulu, udzudzu ukuwadya, chifukwa cha voice note ya pa WhatsApp yoti kubwera chivomerezi chachikulu 2 koloko usiku. Wolankhulayo sakudziwika, koma anthu akuluakulu, ena ophunzira kumene, akungomwaza m'magulu onse.

Mvetsetsani abale: palibe munthu padziko lino amene angakuuzeni tsiku ndi ola la chivomerezi. Palibe! Kaya ndi mneneri, kaya ndi wa pa YouTube woyang'ana nyenyezi, kaya ndi pulofesa. Chakudza sichiyimba ng'oma.

Musaganize kuti akatswiri sanayesepo. Ku America anaika zida zambirimbiri pa Parkfield, ku California, ali ndi chikhulupiriro kuti chivomerezi chigwedeza pofika 1993. Chinabwera mu 2004. Ku China anatulutsa anthu m'nyumba ku Haicheng mu 1975 ataona tizivomerezi tating'ono, ambiri anapulumuka, dziko n'kuganiza kuti nzeru yapezeka. Chaka chotsatira mzinda wa Tangshan, ku China komweko, unagwa anthu ali m'tulo, popanda chenjezo, ndipo oposa 240,000 anafa. Ndiye munthu wa voice note ali ndi chida chanji chimene anthu amenewa alibe?

N'zoona kuti mwala ukamapanikizidwa ndi makina umayamba kulira timaphokoso ta ming'alu usanasweke. Koma mwala umenewo uli patebulo, akuuona. Wogwedeza dziko uli makilomita ambiri pansi pathu. Ngakhale ku Japan foni imalira chivomerezi chitayamba kale, kukupatsa masekondi ochepa oti ubisale pansi pa tebulo. Masekondi, osati sabata.

Chimene tikudziwa n'choti tili m'chigwa cha Rift Valley, momwe zivomerezi zimachitikachitika, basi. Salima inagwedezeka mu 1989, Karonga mu December 2009. Chidzabweranso, tsiku lake silidziwika, ndipo amene akuti akulidziwa ndi wabodza. Wotumiza bodzalo kwa gogo wodwala BP nayenso ali ndi mlandu.

Chondinyansa kwambiri n'choti omwe akumwaza uthengawo ndi omwenso akumanga nyumba za njerwa zomata ndi matope, khoma lopyapyala, ring beam (lamba wa konkire womanga makoma pamwamba) kulibe, simenti akuti yakwera. Ku Karonga anthu anavulala ndi makoma owagwera. Mmisiri akakuuzani kuti muwonjezere matumba a simenti mumati akufuna kukuberani.