Musamuseke mtolankhani akamangogwedeza mutu

Anthu amakonda kumuseka mtolankhani wa pa TV amene ali kutsidya la nyanja. Mnzake wamufunsa funso, iye n'kumangoyang'ana kamera, akugwedeza mutu ngati sanamve, kenako onse awiri n'kuyamba kulankhula nthawi imodzi. Ine ndimamumvera chisoni. Vuto si iyeyo ayi, koma kutalika kwa ulendo umene mawuwo akuyenda.

Setilaiti zambiri za TV zili makilomita 35,786 pamwamba pa equator, mzere wogawa dziko pakati. Pamenepo zimazungulira mofanana ndi dziko, n'chifukwa chake dishi mukailozetsa kamodzi simuisunthanso. Mafunde a wailesi amathamanga pafupifupi makilomita 300,000 pa sekondi, komabe kukwera kukafika kumeneko ndi kutsikanso kumadya pafupifupi kota ya sekondi. Ndiponso setilaiti imodzi singaone dziko lonse popeza ndi lobulungira. Mlembi wa ku Britain Arthur C. Clarke analemba kale mu 1945 kuti pafunika zitatu.

Ndiye uthenga wopita kutali kwambiri umachoka pa siteshoni yapansi, setilaiti n'kuulandira, kuuwonjezera mphamvu, kuusinthira frequency kuti usasokonezane ndi umene ukukwera, n'kuutsitsira pa siteshoni ina. Siteshoniyo imauponyeranso kumwamba, kwa setilaiti yachiwiri. Kukwera kawiri kumeneku, theka la sekondi lapita. Funso lipite, yankho libwere, ndi sekondi yathunthu. Munthu wamoyo angapirire chete wotere osalowerera?

Kwa ine, nzeru yeniyeni inabwera pamene setilaiti zinayamba kupatsirana uthenga zokhazokha, osautsitsira kaye pansi. Iridium, kampani ya mafoni a setilaiti imene inayamba kugwira ntchito mu 1998, ili ndi setilaiti 66 pa makilomita pafupifupi 780 okha, ndipo iliyonse imatha kulankhulana ndi zinzake zinayi zoyandikana nazo. Zambiri za Starlink, imene imapereka intaneti, zili m'munsi kuposa pamenepo, ndipo zimapatsirana uthenga ndi kuwala kwa laser. Ulendo ndi waufupi, kucheza kumayenda bwino. Koma setilaiti yotsika siikhazikika. Pakangopita mphindi zochepa yalowa kuseri kwa dziko, ina iyenera kukhala italandira kale foni yanu inu musanazindikire. N'chifukwa chake zimafunika zambirimbiri, mpaka akatswiri a nyenyezi akudandaula kuti zikuwadetsera zithunzi. Dandaulo lawo ndi lomveka, tisawapeputse.

Chimene sindigwirizana nacho ndi kunena kuti setilaiti za TV zakutali kwambiri zija zatha ntchito. Pa kucheza kwa anthu awiri, inde, zimachedwetsa. Koma kuwulutsa mpira kwa anthu mamiliyoni nthawi imodzi, setilaiti imodzi yokha imafikira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a dziko, ndipo palibe akuyembekeza kuyankhidwa. Chigoli chikafika mochedwa pang'ono simudziwa n'komwe, pokhapokha woyandikana naye nyumba akumvera pa wailesi n'kukuwa mpira usanalowe pa TV yanu.