Gulu lanu la pa WhatsApp limaitana ndani?

Pa nkhani ya mawu osasankha mwamuna kapena mkazi, ife olankhula Chichewa zida tili nazo kale, kungoti timazisiya dala. Olankhula Chingerezi akhala akulimbana ndi he ndi she mpaka mtanthauziramawu wa Merriam-Webster unasankha they kukhala liwu la chaka cha 2019. Ku Sweden anachita kuwonjezera liwu lakuti hen pa mndandanda wa mawu awo mu 2015. Kwathu kuno "iye" ndi iye basi. Tikati wabwera, walipira kapena wadwala, palibe angadziwe ngati munthuyo wavala chitenje kapena jekete. Nanga bwanji m'magulu athu a pa WhatsApp ndi Facebook muli anthu ongowerenga, osayankha, ngati alendo?

Ine ndikuti vuto lagona pa kaitanidwe. M'gulu la alimi a tomato kapena ogulitsa magalimoto, uthenga wa m'mawa umayamba ndi "Madala", "Amuna anga" kapena "Mabigi". Mayi amene akutumiza madengu ku msika wa Lizulu sabata iliyonse akawerenga zimenezo amadziwa kuti mtengo akufunsidwawo sakufunsa iye, ndiye amangokhala chete, gulu n'kutaya munthu wodziwa msika. M'gulu la makolo a pasukulu, uthenga wa phala ndi kuchapa yunifolomu umapita kwa "amayi", wa fizi ndi komiti yomanga midadada n'kupita kwa "abambo", pamene ana ambiri akulipiriridwa ndi agogo, azakhali kapena amalume. Ndipo si akazi okha amene amatsalira kunja. Amuna amene alowa banki m'khonde amakhalira kuwerenga "Amayi, lero ndi tsiku la masheya".

Kukonza kwake sikufuna semina. Lembani "Moni nonse", "Anzanga" kapena "Mamembala". Ku sukulu lembani "Makolo ndi onse olera ana". Ngakhale "abale ndi alongo" wa ku tchalitchi uja ndi wabwino, chifukwa mlongo wa mwamuna ndi mkazi, mlongo wa mkazi ndi mwamuna, choncho aliyense angalankhule, onse alowamo. Pa maudindo, siyani "tcheyamani", lembani wapampando, mlembi, msungichuma. Musawonjezere "wamkazi" pamene simukanawonjezera "wamwamuna". Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza, ngakhale inali mayi, tinkangoti Inkosi, ndipo a Catherine Gotani Hara atasankhidwa mu 2019 mpando wawo unali wa Sipikala, wopanda mchira. Dalaivala ndi dalaivala, makaniko ndi makaniko.

Pamene ambiri amapunthwa ndi pa mayina. Chisomo, Chikondi, Mphatso, Tadala, Madalitso: mayina onsewa amapatsidwa kwa ana aamuna ndi aakazi omwe. Chithunzi cha pa pulofayilo nachonso sichithandiza, poti wina waikapo mwana wake, wina vesi la m'Baibulo, wina chizindikiro cha Bullets kapena Wanderers. Komabe munthu akangolowa m'gulu n'kufunsa za mtengo wa simenti, mayankho amabwera akuti "Bambo". Akafunsa za mankhwala a mwana, "Mayi". Kuloseraku kukaphonya, mwini wake amakhala ndi njira ziwiri: kudzifotokoza pamaso pa anthu mazana, kapena kungosiya. Ambiri amangosiya. Njira yosaphonya ndi "a" waulemu uja kutsogolo kwa dzina monga walilembera mwini wake, kenako "inu" ndi "iwo". "A Phiri afunsa za simenti" ndi ulemu wokwanira kwa aliyense. Musasandutse a Phiri kukhala Naphiri, kapena kuwatchula ndi dzina la amuna awo kaya la mwana wawo, pokhapokha iwo eni atanena kuti amafuna choncho. Ena amanyadira kutchedwa Nangozo kapena make uje, ndipo ndi ufulu wawo. Wosankha akhale mwini dzina. Munthu akanena mmene akufuna kuitanidwira, mtsutso watha, ngakhale inu mutaona ngati zachilendo.

Mafomu olembetsera nawo amatsekera anthu panja. Pa Google Forms ambiri amaika funso lokakamiza la Mr, Mrs kapena Miss. Mwamuna amangosankha Mr n'kupitirira, koma mkazi akukakamizidwa kuulula ngati ali pabanja pofuna kungolowa gulu la oweta nkhuku. Chotsani funsolo, m'malo mwake ikani lakuti "Tizikuitanani bwanji?" ndi mpata woti munthu alembe yekha. Facebook imalola mafunso atatu kwa ofuna kulowa m'gulu, limodzi likhale limeneli. Pali nthawi zina pamene kudziwa amuna ndi akazi n'kofunikadi, monga bungwe likafuna kuona ngati maphunziro ake akufikira onse. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limanena kuti polemba anthu ntchito m'boma mbali iliyonse isachepere 40 pa 100 ndipo isapitirire 60, ndiye popanda kuwerenga simungadziwe. Zikatero funsani, koma lembani chifukwa chake pansi pa funsolo, ndipo mayankhowo asaikidwe pagulu.

Chenjeraninso ndi makina omasulira. Mukalemba chilengezo m'Chichewa n'kuchiponya mu Google Translate, makinawo amayenera kusankha he kapena she pamene inu munangoti "iye", ndipo kawirikawiri dokotala ndi injiniya amatuluka amuna, namwino n'kutuluka mkazi. Werengani musanatumize.

Koma kunena zoona, mungakonze moni yense, anthu adzatulukabe ngati gulu lenilenilo lili ndi minga. Pa WhatsApp membala aliyense amaona manambala a anzake, ndipo gulu limodzi limatha kufika anthu 1,024. Mkazi akangoyankha funso masana, usiku ku inbox kwadzaza "Muli kuti?" ndi "Tumizani chithunzi". Chimene amaphunzirapo n'chakuti kulankhula pagulu kuli ndi mtengo wake. Pa malamulo a gulu pakhale lakuti kulembera membala kumbali popanda chilolezo chake n'kolakwa, ndipo wodandaula akatumiza umboni kwa adimini, wolakwayo achenjezedwe kamodzi, kachiwiri achotsedwe. Kuzunza munthu pa intaneti ndi mlandu pansi pa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, ndiye adimini asamachite ngati ndi nthabwala. Ngati gulu ndi lazilengezo zokha, gwiritsani ntchito Communities, njira ya pa WhatsApp yosonkhanitsira magulu pamodzi, chifukwa m'chipinda cha zilengezo manambala a mamembala amabisika kwa anzawo. Tsegulaninso batani loti adimini azivomereza olowa kumene, poti linki ikangotayika imafika kulikonse.

Maadimini asakhale amuna okhaokha kapena akazi okhaokha. Dandaulo la ku inbox silophweka kulitula kwa mnzake wa wolakwayo.

Malamulo akhale ochepa, anayi kapena asanu, olembedwa pa malo ofotokozera gulu. Akachuluka palibe amawerenga. Aphatikizepo nthabwala zonyoza akazi, amuna, mitundu, anthu aulumali ndi anthu achialubino, pakuti masitika ndi timavidiyo totere ndi timene timathamangitsa anthu mwakachetechete. Adimini ali ndi mphamvu yofufuta uthenga wa wina aliyense kuti usaonekenso kwa onse, koma mpata wake ndi wa masiku awiri okha, choncho osadikira msonkhano wa komiti.

Pomudzudzula wolakwitsa kaitanidwe, musamuyalutse pagulu. Mkulu amene wazolowera "Amuna anga" kwa zaka zambiri sakuchita mwano, ndi chizolowezi chabe. Mukamukalipira pamaso pa onse, gulu limagawikana, tsiku lonse n'kuthera pa mkangano woti izi ndi zachizungu, nkhani ya feteleza n'kuiwalika. Mulembereni kumbali mizere iwiri: "Akulu, m'gulu muno muli amayi ambiri, tiyeni tizingoti anzanga." Pagulupo adimini azingoyamba uthenga uliwonse ndi "Moni nonse", ena amatengera pomwepo. Wochotsedwa akhale yekhayo amene wauzidwa, wamva, koma akubwereza dala pofuna kupweteka mnzake.