Ndinathawa nsima kunyumba, ndinakaigula kwa Ataliyana

Loweruka lapitali ine ndi anzanga atatu amene tinaphunzira limodzi ku sekondale tinapangana zokadyera kunja. Mwezi unali utangotha, m'thumba mukadali kanthu, ndiye mnzathu wina amene amadzitama kuti tawuni amaidziwa anati tipumitseko kanyenya ndi tchipisi cha pachiwaya, tikalawe za Ataliyana pa lesitilanti ina kuno ku Lilongwe. Dzina lake sinditchula, sanandilipire kuti ndiwatsatse malonda.

Mavuto anayambira pa menyu. Antipasti, primi, secondi, contorni. Tinangoyang'anana. Mtsikana wotumikira anationa kuti tasokonezeka, natifotokozera mwaulemu kuti Ataliyana saunjika zonse pambale imodzi ngati ife. Amayamba ndi tozunira pakamwa, kenako pasta, kenako nyama kapena nsomba payokha, masamba n'kubwera pambali. Mnzathu wa ku Dedza anakanda m'mutu n'kufunsa kuti, "Nanga achemwali, nyamayo munthu amadyera chiyani?" Mtsikanayo anaseka mobisa nkhope ndi menyu.

Wa ku Dedza yemweyo anaitanitsa carbonara. Atangotafuna kamodzi anandinong'oneza kuti, "Aise, sipageti iyi sinapse." Kwathu sipageti timaithyola pakati, kuiwiritsa mpaka ifewe ngati phala, n'kuthira tomato ndi anyezi. Kwa eni ake zimenezo ndi mwano. Iwo amati al dente, kutanthauza kuti dzino limve kuti laluma kanthu, ndipo msuzi wa carbonara ndi mazira, tchizi, nyama ya nkhumba ndi tsabola wakuda basi. Anadya monyinyirika, koma mbale anaipukuta.

Nkhani yeniyeni ndi ya ine. Pofuna kuoneka wozitsata, ndinaloza mawu amene sindinawamvepo: polenta ndi nyama ya ng'ombe yamsuzi. Mbale itafika, patebulo panagwa phwete. Inali nsima. Nsima yachikasu, yofewerako, nyama ili pamwamba. "Amwene," anatero wodziwa tawuni uja akupukuta misozi, "mwasiya ufa kunyumba kudzagula nsima mtengo wa ndowa ya chimanga?" Mtundu wake unandikumbutsa chimanga chachikasu chimene chinabwera m'dziko muno nthawi ya chilala cha 1992, chija agogo ankadya akudandaula kuti chikununkha. Koma iyi inali yokoma, zoona ndinene. Ufa wake wokhakhala ngati mgaiwa, anathiramo mchere, batala ndi tchizi. Dzanja linkachita kuyabwa kufuna kutema mbamu, koma ndinapirira ndi foloko.

Chimanga si cha Ataliyana ndipo si chathu. Chinachokera ku America, chinafika ku Italy m'zaka za m'ma 1500, ndipo kuno ku Africa chinabwera ndi zombo za Apwitikizi. Kumpoto kwa Italy, madera ngati Veneto ndi Lombardy, amphawi akumudzi ankadya polenta m'mawa, masana ndi madzulo mpaka ambiri anadwala pellagra, matenda obwera munthu akamadalira chimanga chokha popanda ndiwo zokwanira. Ankaphika mumphika wamkuwa, kuvundula ndi mtengo wonga mthiko, kukhuthulira pathabwa n'kudula ndi ulusi. Mpaka lero anthu akummwera amanyogodola anzawo akumpoto kuti polentoni, anthu odya polenta. Pizza nayo inayamba ngati chakudya cha anthu osauka m'misewu ya ku Naples. Ngakhale tomato amene timamuona ngati mwini wake ndi Mtaliyana, nayenso ndi mlendo wochokera ku America.

Tsono chimene chikundidya mumtima ndi ichi. Mu Disembala 2017, pamsonkhano wa UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, umene unachitikira pachilumba cha Jeju ku South Korea, luso lophika pizza la ku Naples linalembedwa pamndandanda wa miyambo yofunika kusungidwa padziko lonse. Pamsonkhano womwewo, pamndandanda womwewo, analembaponso nsima ya ku Malawi. Nditawauza anzanga zimenezi anaganiza kuti vinyo wandikwera. Mwa anthu anayi ophunzira, atatu sankadziwa.

Mtsikana uja, Mmalawi mnzathu, anatha kutiuza kuti tchizi cha Parmigiano chimasungidwa miyezi yosachepera 12 chisanagulitsidwe, ndipo ife tinkagwedeza mitu ngati tili m'tchalitchi. Ndani anakufotokozeranipo chonchi za ufa woyera? Kukonola, kupeta, kuviika mphale masiku angapo mpaka ichite kafungo kowawasa, kutsuka, kuyanika pamphasa mukuthamangitsa nkhuku, kenako kuchigayo, kenako kuyanikanso. Ntchito yonseyo imathera pa chiganizo chimodzi: "Nsima ya nkhuku kapena ya nyemba?" M'maukwati ambiri nsima imapita kwa anthu wamba kuseri, tebulo lapamwamba likudya mpunga. Mlendo akabwera kuchokera kunja timathamanga naye kukadya pizza, pomwe iyeyo wauluka ulendo wonsewo kufuna chambo, kondowole wa ku Nkhata Bay, mpunga wa Kilombero wa ku Karonga, nkhwani wotendera. Ine ndikuona kuti Ataliyana sanatipose pa zophikira. Anangokana kuchita manyazi ndi chakudya cha agogo awo osauka, anachipatsa dzina ndi mbiri, n'kuchiika pambale yoyera. Ndalama zanga zambiri usiku uja zinapita ku mbiriyo, osati ku ufa.

Musandimve molakwa, sindikuti malo otere tiziwanyanyala. Zambiri zimene amaphikira amaitanitsa kunja, ndipo aliyense akudziwa mmene ndalama zakunja zikuvutira, ndiye mtengo sindikuudandaula kwambiri. Tinachezanso bwino kuposa mmene timachezera kumowa. Chifukwa chakudya chimabwera pang'onopang'ono, tinakhala maola atatu, palibe wailesi yophulitsa makutu, ndipo mnzathu mmodzi anapeza mpata wotiuza kuti ntchito inamuthera miyezi iwiri yapitayo, nkhani imene pachiwaya sakanaiyamba. Bilu itabwera atatufe tinangotsinzinirana diso n'kugawana gawo lake, iye akulimbana ndi tiramisu, chakudya chotsekemera chomalizira cha Ataliyana.

Potuluka wa ku Dedza anasisita mimba n'kunena kuti, "Zokoma ndithu, koma ine ndagona ndi njala." Tinamusiya pageti pake akuimbira mayi a kunyumba kuti ateleke madzi.

Ine ndinafika kwathu ndili ndi nzeru ina imene mtsikana uja anandipatsa, yoti Ataliyana polenta yotsala saitaya, amaidula mapisi n'kuikazinga kapena kuiwotcha. M'mawa wa Lamulungu ndinatenga mkute, ndinaudula bwinobwino, ndinauika m'mafuta mpaka unachita golide, n'kuthira tomato pamwamba. Mayi a ana anaima pakhomo la khitchini manja ali m'chiuno. "Bambo a Junior, mafuta adula chonchi inu mukukazinga mkute?" Ndinawayankha kuti imeneyi ndi polenta fritta. Anapukusa mutu n'kubwerera kukasita zovala za kutchalitchi. Ana anamaliza yonse, ine ndinangolawa chidutswa chimodzi, ndipo wamng'ono uja wayamba kale kubisa nsima madzulo kuti itsale.