Chilimira ndi cha ndani? Mkangano wanga ndi mphwanga pa za Chikomyunizimu

Loweruka lapitali ndinalawirira kudoko kuno ku Salima kukagula usipa wa pakhomo, ndipo ndinatengana ndi mphwanga, mwana wa achemwali, amene wabwera ku holide kuchokera kukoleji. Mwera unali utawomba usiku wonse. Boti loyamba litakocheza anyamata anatsika ali njenjenje, zovala zili nyowe, maso ali psuu ndi tulo. Bwana wa chilimira (khoka lalikulu lophera usipa), amene anagona kunyumba atafunda bulangete, anafika atavala jekete, kope lili m'manja. Usipa utatha kugulitsidwa m'zigoba anayamba masamu ake. Wachotsa ya petulo. Wachotsa ya mabatire a nyali. Yotsalayo waidula pakati, theka lake yekha, theka linalo la anthu khumi, ndipo pa khumipo siginala, amene amakopa nsomba ndi nyali, watenga yokulirapo.

Mphwanga anandikoka malaya. "Amalume, mwaona? Izi ndiye zimene ankanena Karl Marx. Zilimira zonsezi boma likanangolanda kuti zikhale za anthu onse."

Tinakangana njira yonse, tinakangananso pa nsima mpaka inazizira, kenako mayi a kunyumba anati zotsalazo tikamalizire pa Facebook pathu pomwepo. Ndiye ndi pano.

Ndiyambe ndi pamene mwanayu akunena zoona, chifukwa ineyo chingwe cha chilimira ndinakokapo zaka zitatu nditangomaliza Fomu 4, ndipo zikhatho zanga zikukumbukirabe. Marx, Mjeremani wobadwa mu 1818 amene anakafera ku London mu 1883, anaona chinthu chimene msodzi aliyense waganyu amachidziwa popanda kuwerenga buku. Pali amene ali ndi zipangizo, pali amene ali ndi manja okha. Wa manja okhayo amapanga chuma choposa chimene amalipidwa, ndipo chapamwambacho chimapita kwa mwini zipangizo, amene amaguliranso zipangizo zina. Chaka chamawa bwana ali ndi maboti awiri, iwe udakali ndi manja awiri omwe aja. Nthawi imeneyo m'mafakitale a nsalu ku England ana aang'ono ankagwira ntchito kuyambira kusanache mpaka mdima. Mu 1848 Marx ndi mnzake Friedrich Engels anatulutsa kabuku kotchedwa Communist Manifesto kouza antchito a maiko onse kuti agwirizane, ndipo maganizo a m'kabukuka ndiwo amatchedwa Chikomyunizimu. Choseketsa n'chakuti Engels yemweyo anali mwana wa mwini fakitale ya thonje ku Manchester, ndipo ndalama za fakitale imeneyo n'zimene zinkamudyetsa Marx pamene ankalemba zodzudzula eni mafakitale. Dziko ili!

Ndipo ife a m'mbali mwa nyanja tisamauzidwe kuti msika ndi mngelo. Pa Nkhotakota pomwepa, nthawi ya a Jumbe, munthu anali katundu wokhala ndi mtengo wake, ankamuwolotsa nyanja kupita ku Kilwa. Thangata wa m'minda ya azungu kumwera, amene anali chimodzi cha zifukwa zimene John Chilembwe anaukira mu 1915, analinso bizinesi. Agogo athu amene anapita ku Joni pa Wenela n'kubwera ndi chifuwa, njinga ndi sutikesi, anakumba golide amene sanamuvalepo. Choncho pa matenda, ine ndi mphwanga tikugwirizana.

Pamene tasiyana ndi pa mankhwala.

Marx ankayembekeza kuti antchito adzayamba kuukira m'maiko a mafakitale ambiri. Sizinatero. Zinachitikira ku Russia mu 1917, dziko la alimi osauka, pansi pa Lenin ndi chipani chake cha Bolshevik. Lonjezo linali lokoma: mtendere, malo olima, chakudya. Koma Stalin atagwira mpando, kuyambira 1929 alimi anakakamizidwa kupereka minda, ng'ombe ndi makasu ku minda ya gulu yotchedwa kolkhoz. Mlimi amene anali wopezako bwino ankatchedwa kulak, mdani wa anthu, n'kutumizidwa ku Siberia. Ambiri anangozinga ziweto zawo n'kudya kusiyana n'kuzipereka. Boma linkatenga tirigu monga mwa chiwerengero chimene analemba kuofesi, kaya mvula yagwa kaya ayi, ndipo wina linkagulitsa kunja. Mu 1932 ndi 1933 anthu mamiliyoni anafa ndi njala, makamaka ku Ukraine ndi Kazakhstan, chonsecho Ukraine ndiye inali nkhokwe ya dziko lonselo.

Pali lamulo limodzi la mu Ogasiti 1932 limene limandiimitsa mutu. Munthu wopezeka atatenga mbewu za m'munda wa gulu ankatha kuphedwa kapena kumangidwa zaka 10, ndipo anthu anamangidwadi chifukwa chotola ngala zotsalira m'munda atakolola kale. Ndinamufunsa mphwanga: iwe, agogo ako aakazi aja ankapita kukakunkha mpunga ku Lifuwu anthu akamweta, ukuwakumbuka? Kumeneko akanakhala mbava ya boma. Munda ukakhala "wa anthu onse," amene amagwira kiyi wa nkhokwe ndi munthu mmodzi ndithu, ali ndi dzina, ali ndi mfuti, ndipo sungamusumire kulikonse chifukwa khoti ndi lake, nyuzipepala ndi yake, chipani n'chimodzi.

Ku China zinabwerezeka moposa. Mao Zedong anatenga dziko mu 1949, ndipo mu 1958 anayambitsa ndondomeko yofuna kudumpha umphawi pa zaka zochepa. Midzi inaphatikizidwa, anthu ankadyera ku khitchini ya gulu, mapoto ndi zitsulo za pakhomo ankazisungunula m'ng'anjo za kuseri kwa nyumba ati apange chitsulo cha dziko. Akuluakulu a m'maboma, poopa kuoneka aulesi, ankanama kuti akolola zochuluka, boma n'kutenga gawo lake potengera bodzalo. Owerengera mochepetsa amati anafa anthu 15 miliyoni, ena amati anaposa 30 miliyoni. Njala siinabwere chifukwa alimi aku China anaiwala kulima. Panalibe amene akanaima pamsonkhano n'kunena kuti "bwana, kuno kulibe chakudya" n'kugona kwawo usiku umenewo.

Mphwanga anati ndikungosankha zoipa. Ayi, zabwino ndikuzidziwa. Russia ya alimi osadziwa kulemba ija inaphunzitsa anthu ake mpaka mu 1961 inatumiza Yuri Gagarin m'mlengalenga. Cuba, chichokereni 1959, yaphunzitsa madokotala ochuluka moti imatumiza ena kunja. Pamene maiko a azungu ankachita malonda ndi boma la tsankho la South Africa, amene ankapereka zida ndi maphunziro kwa omenyera ufulu kuno kumwera kwa Africa anali a Soviet Union (Russia ija ndi maiko amene inaphatikizana nawo), China ndi Cuba. Njanji ya TAZARA anamanga ndi Matchaina azungu atakana. Zimenezi sindingazifufute. Komanso mantha a Chikomyunizimu anathandiza kuti mabwana a ku Ulaya avomere mabungwe a antchito, penshoni ndi maola oikika a ntchito, poopa kuti akapanda kugawako pang'ono alandidwa zonse.

Koma tayang'anani pafupi. Tsidya la nyanja ku Mozambique, Frelimo ya Samora Machel inalengeza mu 1977 kuti ikutsata Marx ndi Lenin, n'kuyamba kusonkhanitsa anthu m'midzi ya gulu, mafumu n'kuwakankhira pambali. Nkhondo ya Renamo inali ndi oikolezera akunja, Rhodesia kenako South Africa, izo n'zoona, koma mkwiyo wa anthu ochotsedwa pa malo a makolo awo unali nkhuni zouma kale. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira kuno, anzathu a ku Dedza ndi Ntcheu anawalandira pakhomo. Pofika 1989 Frelimo yomweyo inausiya mzerewo. Ku Tanzania Mwalimu Nyerere, munthu amene sanadzikundikire chuma, anayamba Ujamaa mu 1967 ngati chinthu chodzifunira, koma pofika 1973 kusamukira m'midzi ya Ujamaa kunakhala kokakamiza, ndipo dziko linayamba kuitanitsa chakudya kunja. Mtima wabwino wa mtsogoleri sunalime munda.

Tsopano apa ndi pamene achikulire ena mundikwiyire. Kamuzu ankadana ndi Chikomyunizimu kwabasi. Mu 1964, patangopita milungu yochepa tilandire ufulu, chimodzi mwa zimene anasemphana ndi nduna zake, a Kanyama Chiume ndi anzawo, chinali thandizo la mapaundi 18 miliyoni limene China ya Mao inkalonjeza kuti tiivomereze. Anakana, napalana ubwenzi ndi Taiwan, ubwenzi umene unatha Bingu atatembenukira ku Beijing kumapeto kwa 2007. Attati Mpakati, mtsogoleri wa LESOMA, chipani cha sosholizimu cha Amalawi othawira kunja, anaphedwa ku Harare mu 1983. Koma dziko lodana ndi Chikomyunizimu limeneli linkayenda bwanji? Chipani chimodzi kuyambira 1966. Khadi ya chipani pokwera basi ndi polowa mumsika. Mlimi wamng'ono wa thonje kuno ku Salima anali ndi wogula mmodzi, Admarc, imene inakhazikitsidwa mu 1971, ndipo mtengo unkachokera kumwamba. Ofufuza za chuma anasonyeza kalekale kuti phindu la mbewu za alimi aang'ono linkathandiza kukuza maesiteti a anthu akuluakulu, pamene mlimi wa kumudzi sankaloledwa n'komwe kulima fodya wa bale. Ndiye mundiuze, chimenecho chinali chikapitolizimu kapena chiyani? Kwa mlimi amene waima pa sikelo, dzina la chiphunzitso silisintha kanthu ngati alibe kwina kokagulitsa ndiponso sangatsegule pakamwa.

Kenaka tinalira msika waufulu, ndipo walira mvula walira matope. Kuyambira 1987 amalonda wamba analoledwa kugula mbewu. Ubwino wake ulipo, sindikana: lero mayi akhoza kunyamula usipa wake wouma kupita nawo ku Lilongwe osapempha chilolezo kwa tcheyamani wa chipani, ndipo ine ndikulemba izi osayang'ana kumbuyo. Koma venda amafika pakhomo mu Epulo ndi sikelo yake yokayikitsa, nthawi imene mwana akufuna fizi, n'kugula mpunga ndi chimanga pa mtengo wolira. Mu Januwale chimanga chomwe unagulitsa chija ukuchigula mowirikiza. Amene tinaona njala ya 2002, chimanga cha m'nkhokwe za dziko chitagulitsidwa, tikudziwa kuti msika sumva kulira kwa mwana. Uli ndi ndalama udya, ulibe ukumba zikhawo.

Nkhani imene ndimaikonda pa zonsezi ndi ya alimi 18 a m'mudzi wa Xiaogang ku China. Chakumapeto kwa 1978, atatopa ndi njala, anakumana mobisa n'kugwirizana kugawana munda wa gulu, banja lililonse lilime pake, lipereke gawo la boma, zotsala zikhale zake. Anadinda zala pa pepala, n'kulonjezana kuti wina akamangidwa otsalawo amulerera ana. Chaka chotsatira anakolola zochuluka kuposa kale lonse, ndipo boma la Deng Xiaoping m'malo mowamanga linafalitsa njirayo dziko lonse. China imene inatimangira Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe ikulamulidwabe ndi chipani cha Chikomyunizimu, koma inalemera italola anthu kugulitsa ndi kusunga phindu. Soviet Union yomwe inachedwa kusintha inagwa mu 1991. Komabe musathamangire kuombera m'manja, ku China komweko wotsutsa boma sayenda momasuka.

Ndiye ndinamuuza mphwanga kuti, mwanawe, boma likalanda zilimira, bwana wa jekete uja sachoka. Angosintha jekete, kope likhala lomwelo, koma tsopano ukakangana naye sungapite kwa bwana wina chifukwa nyanja yonse bwana ndi mmodzi. Injini ikafa mudikira kalata yochokera ku Capital Hill. Ndani sadziwa mmene timasamalira chinthu tikangoti "n'cha boma ichi"?

Ngati ukufuna kuona chinthu cha anthu onse chimene chikuyenda, usapite ku Moscow, kwera boti upite ku Mbenji. Chilumba chimenechi, m'dera la Gogo Chalo Makanjira, chimatsekedwa nyengo ya dzinja chaka ndi chaka kuti nsomba ziswane, ndipo mwambowu unayamba kale dziko lisanalandire ufulu. Zilimira ndi za eni ake, aliyense amagulitsa zake, koma nyanjayo ili ndi malamulo amene asodzi amawadziwa, oswa lamulo amathamangitsidwa, ndipo amene amaweruza ndi anthu oti mawa mukumana nawo pamaliro. Banki m'khonde ya amayi ako imayendanso choncho: bokosi limodzi, makiyi atatu kwa anthu atatu osiyana, ndalama kuwerengera pamaso pa onse, ndipo wosafuna amatuluka chaka chikatha. Makolo athu ankalima dima, lero kwa uyu mawa kwa uyo, koma nkhokwe inali ya mwini munda. Mutu umodzi susenza denga, inde, koma palibe anati ukasenzetsa anzako denga ndiye kuti nyumbayo yakhala ya mfumu.

Iye sanagonje, ndipo ndinakondwa kuti sanagonje. Anati banki m'khonde singagule injini, anati Mbenji ndi kachilumba kamodzi pa nyanja yonse imene chambo chikutha. Apo wandigwira, ndavomera. Anatinso anyamata khumi aja sangasunge kanthu pa ndalama imene amalandira, ndiye kuwauza kuti asonkhe agule chilimira chawo n'kuwaseka. Aponso sanalakwe kwenikweni, ngakhale ndikudziwa kuti tsiku limene usipa wafa bwino ndalama zambiri zimathera pa bawo ndi pa mowa, ine ndemwe ndinali komweko.

Tagwirizana kuti Loweruka likubwerali tipitenso kudoko, iye atenge kope lake. Alembe petulo walowa wa ndalama zingati, zigoba zatuluka zingati, aliyense wapita ndi zingati, kwa mdima wonse mpaka mwezi uwale. Akufuna aone ngati anthu khumi atasunga chigoba chimodzi chimodzi pa ulendo angafike pa mtengo wa injini yakale, ndipo zingatenge miyezi ingati. Siginala wa boti lija wavomera kumuuza manambala, bola asamutchule dzina kwa bwana.